Kuvundika mpeni

Magetsi anazima nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo onse atapita kukagona ine ndinatsala pamkeka wa m'khitchini ndi kandulo imodzi, tambula ya viniga wofunditsa pang'ono, ndi mpeni wanga wopinda utaima m'menemo nsonga pansi. Panja mvumbi wa mu February unkangonong'ona pamalata. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, moti ndinayamba kudziseka mumtima, munthu wamkulu kuyang'anitsitsa tambula ngati mwana wodikira kuti dzira la nkhuku liswe. Kenako timathovu ting'onoting'ono tinayamba kumera pachitsulo, kamodzikamodzi, tina n'kumasuka n'kukwera pamwamba, ndipo kung'anima kuja kwa mpeni watsopano kunayamba kuzilala pang'onopang'ono, monga kumwamba kumachitira dzuwa likangolowa.

Mpeniwo ndi Okapi. Anandibweretsera mwana wa mlongo wanga pa Khirisimasi, pochokera ku Johannesburg kumene amagwira ntchito, chifukwa anandimvapo kangapo ndikukamba za mpeni wa agogo ake. "Amalume, ndawupeza uja mumanena uja," anatero, ndipo unalidi womwewo: chigwiriro chathabwa chopindika pang'ono ngati nyanga, kamphete kumsana kamene umakoka kuti chitsulo chimasuke, ndi kaphokoso kaja ka kere-kere-kere ukamautsegula, kamene ndikakamva ndimamvanso fungo la fodya wa bambo anga. Mipeni imeneyi anayamba kuisula ku Solingen m'dziko la Germany m'chaka cha 1902, makamaka yodzagulitsa kuno ku Africa, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Ndiye kuti wa bambo, umene anabwera nawo kuchokera kumigodi masiku a Wenela, unawoloka nyanja yamchere usanalowe m'thumba mwawo, pamene wangawu unangokwera basi. Ku Joni komweko dzina la Okapi limatchulidwanso pa nkhani za magazi, ndikudziwa, koma kwathu unali mpeni wosendera nzimbe.

Chimene chinasiyana ndi nkhope. Wa bambo unali wakuda, koma sikunali kuda kumodzi: kunsonga kunali kotuwa ngati phulusa, pakati mawanga obiriwira ngati khosi la nkhunda, chakuchigwiriro bii ngati kunsi kwa mphika, ndipo kowala kanali kamzere kamodzi kokha m'mbali yonolayo. Unasenda chinangwa ndi mango osawerengeka, unadula luzi la denga lathu, unasema mipini, unasongola mapensulo a ife tonse asanu, unasendanso mbuzi ya pa ukwati wa mlongo wanga yemweyo. Ndipo akamaliza chilichonse, bambo ankaupukuta pantchafu, mbali iyi kamodzi, mbali iyo kamodzi, asanaupinde. Sindinawaonepo akuutsuka ndi sopo. Unasowa masiku a maliro awo, nyumba itadzaza anthu, ndipo sindinafunse aliyense, poopa kuti ndingamve yankho n'kudana ndi m'bale chifukwa cha kachitsulo.

Watsopanowu unabwera ukung'anima ngati galasi, ndipo ndikaugwira ndinkamva ngati ndabwereka kwa munthu. Mu January ndinadyera mango pansi pa mtengo n'kuupinda uli wonyowa, kulakwa kwanga ndithu, poti dzanja la pantchafu lija sindinatengere, ndipo patapita masiku awiri ndinaupeza utatuluka timadontho tofiira ngati chikuku. Chitsulo cha mtundu uwu amangochisakaniza ndi kaboni pang'ono, n'chifukwa chake chimanoleka msanga ngakhale pa mwala wa kumtsinje, n'chifukwa chakenso sichipirira chinyontho. Mipeni yambiri ya m'khitchini masiku ano sichita dzimbiri chifukwa amathiramo chromium wopitirira magawo 10 pa 100 aliwonse, nzeru imene ambiri amati anaitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913. Chromium uja amadzipangira kakhungu kosaoneka ndi maso kotchinga madzi ndi mpweya, moti mpeni wotere ungauviike m'viniga madzulo onse, udzautulutsa uli chimodzimodzi. Ndi mipeni yabwino, sindiinyoza. Kungoti siikumbukira kanthu.

Chimene chandikhalitsa pansi masiku ambiri n'chakuti dzimbiri lili pawiri. Mitundu yonse iwiri imabadwa chitsulo chikakumana ndi mpweya, bere limodzi, koma makhalidwe ake n'ngosiyana. Lofiira n'lofufuma, limafuna malo ambiri kuposa chitsulo chimene lachokeramo, ndiye limang'aluka n'kumayoyoka, limamwa madzi ngati chinkhupule n'kuwasunga, ndipo pansi pake chitsulo china chimatsala poyera kudikira kudyedwa nachonso. Likayamba silikhuta mpaka litaboola, monga linachitira ndi malata a tchalitchi chathu chakale, amene pomaliza tinkawerengera nyenyezi tili m'kati. Lakuda n'lopyapyala ndiponso lomatirira, lachibale ndi kuda kuja kwa nkhwangwa yongochokera kwa wosula, kumene ophunzira amati magnetite; likaphimba chitsulo limaima pomwepo, ndipo lofiira lija likabwera limapeza pakhomo pali kale mwini. Silitsekeratu ayi, mpeni ukausiya m'madzi udzachitabe dzimbiri, koma limachedwetsa. Khungu limeneli pachingerezi amati patina. Kunyumba kwathu sitinkalipatsa dzina, tinkangoti mpeniwu wagwira ntchito.

Khungu lotere limabwera lokha munthu ukamadulira mpeni n'kumaupukuta, koma limabwera mwakabisira, mango lero, anyezi mawa, nyama yotentha pa chaka chatsopano, mpaka tsiku lina umangoona kuti wada osadziwa kuti unada liti. Komabe pali njira yachidule, ndipo zonse zofunika zili m'khitchini. Chilichonse chowawasa chimagwira: mandimu, bwemba, madzi a chinanazi, ngakhale kubaya mpeni m'mbatatesi kapena m'anyezi n'kuusiya momwemo maola angapo. Ena amapaka mustard, kaphala kachikasu kaja ka njere za mpiru ndi viniga, chifukwa n'kolimba, sikayenderera, ndiye amajambula nako mizere ndi mawanga monga afunira, ndipo kuda kwake kumachuluka m'mphepete mwa dontho lililonse mmene mpweya ukufika. Ine zojambula sindinazifune. Ndinayamba ndakwecha timadontho tofiira tija ndi phulusa lonyowa pa kansanza, n'kutsuka ndi sopo, n'kupukutanso ndi sipiriti kuti mafuta onse achoke, pakuti pamene pali mafuta asidi safikapo. Kenako ndinafunditsa viniga woyera wa m'botolo, amene asidi wake amangokhala magawo 5 pa 100, wofooka moti timathira pa kabichi n'kudya, ndipo ndinasamala kuti alekeze m'khosi mwa mpeni, asalowe pa msomali wopindirapo pamene nsalu singafike.

Patatha mphindi 20 ndinautulutsa uli bii ngati khala, ndipo mtima unadumpha. Koma nditapukuta, kuda kwambiri kunatsalira pansalu ngati mwaye, pachitsulo n'kutsala kutuwa chabe. Ndinaubwezeramo. Ndinatero katatu, ndipo ulendo uliwonse kokakamira pachitsuloko kunkawonjezekera pang'ono. Fungo lake silinali labwino, ngati la ndalama yachitsulo yonyowa m'dzanja la mwana, pamodzi ndi kadzira kowola chapatali. M'kati mwa kudikirako ndinakumbukira kuti viniga ndi amene Baibulo lathu limamutcha vinyo wosasa, amene anamwetsa Ambuye pamtanda, ndipo ganizo limenelo ndinasowa chochita nalo, ndinangolisiya likhale nane pamkeka. Pomaliza ndinasungunula soda m'madzi, soda yemwe uja wa therere, amene m'malo mwake agogo athu ankathira chidulo cha phulusa, n'kuviikamo mpeni kuti ukali wa asidi ufe. Ukapanda kutero amapitiriza kudya mwakachetechete, ndipo m'mawa umadzuka ndi lofiira lomwe umathawa lija. Ndinauumitsa pafupi ndi mbaula imene inali isanazizire, n'kupaka kadontho ka mafuta, n'kupita kukagona manja akununkha.

M'mawa amayi akunyumba anapeza botolo lawo litatsala theka. "Abambo, viniga wanga wamwa ndani?" Ndinawaonetsa mpeni, ndikuyembekezera kuti ayamikira. Anautembenuza kawiri pa kuwala kwa pakhomo, n'kuti, "Ndiye mwana uja wavutika kukugulirani chinthu chatsopano, inu mwachita kuchivundika ngati nthochi kuti chikalambe usiku umodzi?" Anaseka n'kupita kukasonkha moto, koma mawuwo anandisiyira m'manja pamodzi ndi mpeni. Unali wotuwa bwino, wosalala, mtundu umodzi kuyambira kunsonga mpaka m'khosi, ngati yunifolomu ya mwana wongoyamba sukulu. Ndipo chakumsana, pamene ndiyenera kuti ndinagwira mosadziwa nditapukuta kale sipiriti uja, panali chidindo cha chala changa chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka yowala pakati pa kutuwako, ngati munthu wosadziwa kulemba wasainira kalata.

Kuvundika. Liwuli ndakhala ndikulitembenuza monga iwo anatembenuzira mpeni. Nthochi timadula zili zaziwisi, n'kuzifunditsa masamba m'dzenje kapena m'thumba pakona ya nyumba, patatha masiku ochepa n'kutuluka zachikasu, ndipo sindinamvepo munthu akuti nthochi yovundika ndi yabodza. Chimene chimaipsetsa ndi mpweya umene iyo yomwe imatulutsa, ife timangoutsekera kuti usathawe. Nawonso mpeni wanga sindinaupake penti. Viniga ndi woyera ngati madzi, alibe kuda koti angagawire wina. Kuda konse kunachokera m'chitsulo momwemo, kunali kudzabwera ndithu, ine ndinangokuitana msanga. Ndikaganiza chonchi mtima umakhala pansi. Koma kenako ndimakumbukira mango, mmene ovundika amafewera n'kusintha khungu, koma ukaluma umamva kuwawasa kwa uwisi wake kudakali pafupi ndi njere, osafanana ndi aja ogwa okha usiku amene tinkathamangira mbandakucha mame ali thoo; ndiye ndimangokhala, osadziwa ngati mpeni wangawu uli nthochi kapena mango.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa mpeni. Koma anandisankha kukhala mkulu wa mpingo ndili ndi zaka 34, bambo atangomwalira kumene, ndipo ndikukumbukira bwino mmene m'miyezi yochepa ndinatengera mayendedwe awo, manja kumbuyo, kuyankhula mosafulumira, ndi kakhosi kaja kokonza asanayankhe funso lovuta, mpaka anthu ankati mwanayu wakhwima msanga. Ankabwera kwa ine a mabanja ogwedezeka, ine banja langa lisanaone mphepo ina iliyonse. Ndinkaima pa maliro a ana a anzanga n'kumanena mawu odekha amene ndinawamva kwa ena, mawu oona, koma amene ndinali ndisanawakhetsere msozi wangawanga. Ambuye, inu munkaona m'kati. Kodi chinali chinyengo, kapena munali inu nomwe mukundivundika chifukwa nthawi inali yochepa ndipo anthu anali ndi njala? Funsoli ndakufunsani kangapo, ndipo mwa mawu simunandiyankhe. Chimene ndikuona ndikacheuka n'chakuti khungu lobwerekalo linanditchinga, pakuti zaka zimene anzanga a msinkhu wanga ankadyedwa ndi zofiira zosiyanasiyana, mowa, ngongole, nyumba zachiwiri zobisa, ine ndinkaopa kuchititsa manyazi nkhope imene ndinavala. Mantha otere mwina si chiyero, mwina pamaso panu ndi chinthu chaching'ono kwambiri, koma anachedwetsa dzimbiri, ndipo sindikudziwa ngati ndikuthokozeni chifukwa cha iwo kapena ndilape.

Pali kanthu kena kamene ndadumpha. Asidi sasankha, amadyanso kukamwa kwa mpeni, moti m'mawa uja unali utabunthako, sunkameta ubweya wa pamkono monga kale. Ndinapita nawo pa mwala wonolera wa kuseri kwa nyumba, n'kuuyendetsa pang'onopang'ono ndi timadzi, ndipo m'mphepete munatuluka kamzere kowala, kopyapyala ngati ulusi, komwe kaja ka pa mpeni wa bambo. Apo pokha ndi pamene mipeni iwiriyi inafanana ndendende, pamalo popanda khungu lililonse, pamene chitsulo chimakhala chosavala ndiponso chatsopano ngakhale mpeni utakalamba bwanji, pomwe pamadulapo. Ndinakhala pamwala paja nthawi yaitali kuposa mmene kunolako kunkafunira.

Komanso ndiyenera kunena zoona za mpeni wa bambo, chifukwa munthu akamakumbukira akufa amakonda kupaka mafuta. Ukauyang'anitsitsa pafupi ndi chigwiriro panali timaenje, tambiri, mmene lofiira linadyapo kalekale lisanagonje, ndipo kuda kokongola kuja kunangoyala pamwamba pa zipsera. Chitsulo chinali chitatha ndi kunola mpaka chinatsala chowonda ngati tsamba la nsungwi. Mwini wakenso anali choncho. Za kumgodi sankakamba, kupatula za ndege ya Wenela imene inkawatula ku Francistown, kuchoka apo n'kukwera sitima. Za pansi pa nthaka pakamwa pawo panali potseka. Usiku ankatsokomola nthawi yaitali, ndipo panali masiku amene ankangokhala pansi pa mtengo osayankhula ndi munthu, mpeni uli m'manja, akusema kamtengo kopanda ntchito mpaka katatha. Ife ana tinkati ndiko kudekha kwa akulu. Lero ndikukayika ngati konseko kunali kuda koteteza, kapena ngati penapake pansi pake lofiira linali likudyabe, ife tili kalikiliki kusirira maonekedwe. Ndiye pamene ndinkafuna kuti mpeni wanga ufanane ndi wawo, ndinkapempha chiyani kwenikweni? Nkhope ndinkaifuna, timaenje ayi, ndipo sindinadzifunse ngati ziwirizi zimabwera padera.

Tsiku lina mu March, pongofuna kuona, ndinaviika nsonga yokha m'tiyi wa ku Thyolo wopanda mkaka amene anatsala m'kapu, n'kuisiya madzulo onse, ndipo inatuluka yakuda mwa mtundu wina, kuda kolowera kobiriwira ngati inki. Si kufanana chabe. M'tiyi muli kukhakhala kuja kumene kumamanga lilime, komwe kulinso m'makungwa a mitengo ndi m'nthochi zaziwisi, ndipo kukakumana ndi chitsulo kumabala utoto wakuda; kwa zaka mazana ambiri alembi a ku Ulaya ankapanga inki yawo motero, posakaniza timfundo totupa ta pamtengo wa oak ndi mchere wina wa chitsulo, ndipo Mabaibulo ambiri okopera pamanja analembedwa ndi kuda kumeneko. Ndiye kuti khungwa lililonse limene bambo anakungunula ndi nthochi yaiwisi iliyonse imene anasenda zinkalembadi kanthu pa mpeni wawo, tsamba limodzi kulembedwa mobwerezabwereza zaka 30, mpaka wotha kuliwerenga anatsala Mulungu yekha. Ine langa ndinangolithira inki lonse usiku umodzi. Ganizo limeneli linandilemera masiku angapo, mpaka m'mawa wina ndikumwa tiyi ndinazindikira kuti nsonga ija sinakane kulembeka chifukwa choti pansi pake panali viniga.

Pano ndi June, chiperoni chayamba, ndipo nzimbe zakhwima. Dzulo mdzukulu wanga anabwera nayo imodzi akuikoka pansi kuti ndimusendere, ndipo ndinakhala pakhonde n'kutsegula mpeni, kere-kere-kere. Yunifolomu ija inatha kale. Makoko a nzimbe akanda mizere yowala pakati, mandimu a chimfine cha mwezi watha anasiya banga lalitali ngati mapu a nyanja yathu, nyama ya pa Pasaka inasiya kubiriwira pang'ono, ndipo chidindo cha chala changa chikuzimirira, chatsala theka. Mwanayo anauyang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, mpeniwu ndi wakalekale eti? Unali wa bambo anu?"

Yankho losavuta ndinalimva litafika kale palilime, lokoma, loti akanakalifotokoza kwa anzake, ndipo ndinalisunga m'kamwa kanthawi monga umasungira madzi a nzimbe usanameze.

"Ayi, ndi wa Khirisimasi yapitayi. Ndinachita kuuvundika."

Anaseka mpaka kugwa chagada, akuti mpeninso amavundika, kenako anatola mfundo zake za nzimbe n'kuthamanga. Nditatsala ndekha ndinaupukuta, ndipo poupinda ndinaona pa msomali paja, pamene ndinasamala kwambiri kuti viniga asafike, kadontho kofiira kamene ndakhala ndikukatokosa ndi kamtengo ka machesi ndi mafuta, katabweranso. Ndinalowa m'nyumba kukafuna machesi.